Kapoto ka a Boba

Khalani pansi nonse, ana inu. Iwe Tamara, tsitsa kafoniko, kanazima kale pamodzi ndi magetsi, nanga pa galasi lakudalo ukuonapo chiyani? Dalitso, bwera nako kapotoko, ukaike apa pampando pamene ndingakaone. Musayese kuti ndinali m'tulo. Ndamumva ine wogula zitsulo zakutha uja akukuwa mumsewu, ndakumvaninso inu mukuthamangathamanga kutolera mawaya ndi zitini, mpaka wina n'kunena ndi Chinyanja chanu cha m'tauni chija kuti, “Na aka kapoto ka ambuya, kanasila kudala,” ndiko kuti kanatha ntchito kalekale. Ndikanachedwa kupeza ndodo yanga, bwenzi pano kali pa wilibala kulowera ku Chazanga.

Sindimenya munthu, musanjenjemere. Mlandu ndi wanga, chifukwa sindinakuuzeni. Mumangondiseka ndikamaswera dzira m'kapu ndisanaliponye m'chiwaya, mumati ukalamba wandizunguza mutu. Lero mumve kumene ndinazitenga zimenezi, mumvenso chifukwa chake kapoto kopindika aka, ka chigwiriro chomanga ndi waya, sikadzatuluka m'nyumba muno ine ndili moyo.

Ine ukhukhi ndinaubadwira. Atate anga anachoka ku Dedza wapansi, ndevu zikungoyamba kumera, nadzagwira ntchito yophikira azungu a boma kuno ku Lusaka, tauni isanakule. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kuti wophika amaphika ndi mphuno: chilichonse usanachiike m'poto, uyambe wachinunkhiza. Pamene ndinkakwatira agogo anu aakazi, a Nachisale, n'kuti nditaphikako kale m'nyumba zitatu za kumayadi, ndipo kunena zoona ndinkadzimva, ndinkayenda ngati tambala. Ndiye nditamva kuti Myuda wina wa sitolo ya nsalu, dzina lake Bwana Izaki, akufuna khukhi, ndinati palibe chachilendo, poto ndi poto.

Tsiku loyamba mkazi wake, Dona Hana, anandilowetsa m'khitchini, ine kukamwa yasa. Chilichonse chinali pawiri. Makabati awiri, mabeseni otsukira awiri, mipeni, ziwaya, masupuni, nsalu zopukutira, zonse pawiri, zina zomangidwa ulusi wofiira, zina wabuluu. Wofiira ndi wa nyama, wabuluu ndi wa mkaka, ndipo ziwirizi sizikumana, kaya m'poto, kaya m'mbale, kaya m'mimba. Mwana akadya nyama masana, tiyi wa mkaka amudikire mpaka dzuwa lipendeke. Ndinafunsa kuti nanga zikakumana mwangozi chimachitika n'chiyani, kodi munthu amatupa? Dona Hana anaseka nati ayi, palibe amatupa, koma Mulungu anatero kwa makolo awo, basi. Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza kuti khukhi amene ndinkalowa m'malo mwake anachotsedwa chifukwa cha chiwaya chimodzi, ndipo amene anamuchotsetsa ndi uyo wakhala pakhondeyo.

Pakhonde la kukhitchini panali mayi wokalamba, wamfupi, wa duku lakuda, maso akuthwa. Amenewo ndiwo anali amayi ake a Bwana Izaki. Ana ankawatchula kuti Boba, ndiko kuti agogo m'chinenero chawo, nanenso ndinangoti a Boba. Chichotsedwere khukhi uja, a Boba anali atalumbira kuti sadzadyanso chophika munthu wina. Anali ndi kakabati kawo kokhoma, kiyi ali m'khosi, ndipo m'menemo munali mbale imodzi, mpeni umodzi, supuni imodzi ndi kapoto aka. Ankadziphikira okha mbatatesi, dzira, mwina kansomba. Nyama anaisiyiratu, poti kapoto kamodzi sikangatumikire mbali ziwiri. Dona Hana anadzandiuza pambuyo pake kuti kapotoka anabwera nako pa sitima ya pamadzi ali mtsikana, kochokera m'khitchini mwa amayi awo, ndipo abale awo onse amene anatsala kumeneko anaphedwa pa nkhondo yaikulu ija ya ku Ulaya. Za kwawo anatsala ndi kapotoka ndi malamulo a amayi awo.

Tsono ntchito yeniyeni m'nyumba ija sinali kuphika ayi, inali kugula. Inu lero mumangodina foni, wa njinga yamoto n'kukubweretserani nkhuku yokazinga pakhomo, osadziwa n'komwe kuti inafa liti. Ife Lolemba lililonse m'mawa tinkakhala pa tebulo la m'khitchini, ine ndi Dona Hana, pensulo ili m'manja, kupangana za mlungu wonse. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Tinkayambira kumapeto, pa Lachisanu, n'kumabwerera m'mbuyo, chifukwa Sabata lawo limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa, ndipo kuchokera pamenepo mpaka Loweruka madzulo sayatsa moto, sagula, sanyamula dengu. Ndiye Lachisanu ndinkaphika za masiku awiri: msuzi wa nkhuku, mphika wa nyemba ndi nyama wogonera mu uvuni, ndi buledi woluka ngati tsitsi la Tamarali, yemwe uja mumalimbirana pa Khirisimasi osafunsa kumene ndinamuphunzira. Ukaiwala anyezi Lachinayi, udzalira wekha Loweruka.

Pamene ndinkayamba anali ndi ana awiri, atsikana. Nkhuku imodzi inkakwana, n'kutsalako ya mawa. Koma nyumba ija inali ndi mdalitso wa kubala. Chaka chotsatira kunabwera wachitatu, asanayambe kuyenda bwinobwino wachinayi uyu, onse atsikana. Nkhuku zinakhala ziwiri, kenako zitatu. Ufa wa buledi tinachoka pa kapaketi kufika pa thumba. Njinga yanga, imene poyamba inkangonyamula kadengu kutsogolo, inayamba kulira ndi matumba mbali zonse, ndipo m'dzinja ndinkaikankha m'matope, mazira nditawakwirira mu utuchi kuti afike amoyo. Komanso mwana aliyense ndi mtima wake. Wamkulu sadya karoti, wachiwiri akufuna karoti yekhayekha, wachitatu akuti dzira lake lisakhudze tomato. Ndinkawadziwa onse monga ndikudziwira iwe Dalitso, amene umabisa therere kunsi kwa mbale n'kumayesa kuti agogo saona.

Kumsika nako sikunali kungotola. Nsomba iyenera kukhala ya mamba ndi zipsepse. Mlamba, ngakhale unone chotani, sulowa pageti. Dzira lililonse uliswere m'kapu palokha, likakhala ndi kadontho ka magazi litayidwe. Ndiwo zamasamba uzitsuke tsamba limodzilimodzi, ukuyang'ana kudzuwa, kuopa kachilombo. Tsiku lina a Boba anandipeza kuseri kwa nyumba ndikukukuta ngumbi zimene a Nachisale anandimangira m'kapepala. Anasuzumira m'kapepalamo, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana kumwamba ngati akufunsa Mulungu kuti munthu uyu anamulengeranji. Kuyambira pamenepo ndikafika m'mawa ankaima pa beseni mpaka ndisambe m'manja kawiri.

Mvula ikamatha kunkabwera Pasaka wawo, ndipo pamenepo khukhi ankaonda. Mbale zonse, zofiira ndi zabuluu zomwe, zinkalongedzedwa, n'kutsitsa zina m'denga zogwira ntchito masiku asanu ndi atatu okha pa chaka. Nyumba yonse tinkaisesa kufunafuna nyenyeswa za buledi, mpaka m'matumba a malaya a ana. Buledi ayi, makeke ayi, koma timikate topyapyala, touma, tobwera m'mabokosi, tokoma ngati katoni. Ana anayi a njala, opanda buledi, mlungu wathunthu! Mazira amene ndinkagula nthawi imeneyo, amayi oweta nkhuku a ku komboni ya George akandiona patali ankayamba kululutira.

Koma chovuta koposa chinali nyama. Ya m'butchala sankadya. Kunali munthu wawo wodziwa kuzinga, wa ndevu zofika pachifuwa, amene ankabwera pa sitima kuchokera kumwera pakapita miyezi. Mpeni wake ankauyesa pa chikhadabo, ukakhala wogomphoka ngakhale pang'onong'ono sazingira. Akabwera, mabanja a Chiyuda ankagawana ng'ombe, ndipo gawo lathu ndinkaliviika m'madzi, kulithira mchere wambiri kuti magazi onse atuluke, kulitsuka katatu, n'kulisunga m'filiji. Nyama ikatha yatha, mudikire sitima ina. Ndiye kapensulo ka Dona Hana kankagawa nyamayo mosamala kuposa mmene namwino amagawira mankhwala.

Kenako zinafika zaka za mizere zija. Inu simunazione. Ukaona anthu afola pa sitolo, unkayamba wafola, n'kufunsa pambuyo kuti kukubwera chiyani, kaya sopo, kaya shuga, kaya mafuta ophikira. Ndinkanyamuka kuno ku Matero m'mawa, kudutsa kumafakitale pa njinga, kuima pamzere mpaka miyendo kuuma, mwina n'kubwerako ndi makandulo m'malo mwa mafuta. Mafuta atasoweratu, wozinga uja anayamba kutibweretsera majarini a m'chitini, opangidwa ndi mbewu zokhazokha, opanda mkaka, oti n'kuphikira nyama. Koma pooneka anali chimodzimodzi batala, ndipo batala paja ndi mkaka. Ndinkazisunga m'timbale tiwiri tofanana, tosiyana kadontho ka utoto kunsi kokha. Ka batala, ka kadontho kabuluu, kankakhala pa shelefu ya pamwamba m'filiji, ka majarini, ka kadontho kofiira, pa shelefu ya pansi. Timbale timeneti mutikumbukire.

Zaka zinayi ndinaphika m'nyumba ija osasokoneza ngakhale supuni imodzi. Alendo ankanyambita zala, Bwana Izaki ankanyadira kwa anzake kuti khukhi wake amadziwa malamulo kuposa iye. Koma a Boba, ngakhale kulawa. Ndinkaphika msuzi wonunkhira mpaka kwa aneba, iwo n'kudutsa pambali panga ndi kapoto kawo kukawiritsa mbatatesi ziwiri. Zinkandipweteka, ana inu, sindibisa. Ndinkafika kuno n'kumadandaulira a Nachisale, iwo n'kumandiseka kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma mumtima ndinkati tsiku lina mayi ameneyu adzadya cha m'manja mwanga ndisanafe.

Mwana wachisanu anabadwa m'nyengo yozizira, ndipo anali wamwamuna. Bwana Izaki anavina m'khitchini ndi nsapato za kuntchito. Mwa mwambo wawo mwana wamwamuna amachitidwa mdulidwe pa tsiku lachisanu ndi chitatu, monga mumamvera kutchalitchi, ndipo pamakhala phwando la Ayuda onse a m'tauni. Wa ndevu uja anaitanidwa mwachangu, poti ndi yemweyo ankachitanso mwambowo, ndipo atafika anazinga ng'ombe. Gawo lonse la nyumba yathu, nyama yoti ikanatisunga miyezi, Bwana Izaki anati ilowe m'poto mmodzi wa phwando.

Kutatsala masiku awiri, a Boba analowa m'khitchini naima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, akuyang'ana mmene ndinkathirira nyama mchere. Kenako anati, ndi Chingelezi chawo chothyokathyoka chija, “Laisoni, pa phwando la mdzukulu wanga ndidzadya nyama. Ya m'poto wako.” Anangotembenuka n'kutuluka. Ine ndinatsala chiimire, mchere uli m'manja. Tsiku limenelo njinga inadziyendetsa yokha mpaka ku Matero, ndikuimba njira yonse. Akulu sananame, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Phwando linali Lachinayi m'mawa, ndiye nyama ndinaiphika Lachitatu. Ndinadzuka ndi chimfine choopsa, mphuno zitatsekeka, moti ngakhale anyezi sindinkamumva. Amayi a Chiyuda anali akubweretsa uyu mazira, uyu zipatso, uyu mbale yovundikira, filiji inadzaza mpaka chitseko kukana kutsekeka. Ndinatulutsa zonse n'kuzilongedzanso ndekha, mothamanga. Kenako ndinatenga kambale pa shelefu ya pansi, kukokolola theka lake m'poto wamkulu, kukazinga anyezi, kuponyamo nyama yonse, tomato, karoti, tsabola, n'kuvundikira. Bwana Izaki popita ku sitolo anaima pakhomo la khitchini nati chikhalire sanamvepo fungo lokoma chotero.

Dzuwa lili pamutu ndinati ndipakire atsikana aja buledi wa batala. Ndinatenga kambale pa shelefu ya pamwamba, ndipo mwa chizolowezi ndinakatembenuza. Kadontho kanali kofiira. Ndinatenga ka theka kaja, kukatembenuza. Kabuluu. Ndinali nditasinthanitsa timbale polongedza, ine mwini, ndi manja angawa, ndipo m'mawa uja sindinanunkhize, sindinayang'anenso kunsi. Nyama yonse ya phwando inali ikuwira mu batala kuyambira m'mawa.

Ndinakhala pa mpando. M'khitchini munalibe munthu. Dona Hana anali m'chipinda ndi khanda, Bwana Izaki ku sitolo, atsikana pabwalo. Batala anali atasungunuka kalekale m'tomato ndi tsabola, panalibe lilime pa dziko lino loti likanamuzindikira. Chofunika chinali kungobweza timbale m'malo mwake, basi. Ndikangokhala chete, ntchito ndisunga, ndipo mawa a Boba adya cha m'manja mwanga, chinthu chimene ndinachilakalaka zaka zinayi. Ndikanena, nditsata mnzanga wa chiwaya uja, amene mlandu wake unali wochepa poyerekeza ndi wangawu. Ndipo kuno ku Matero a Nachisale anali ndi pakati pa mwezi womaliza, pa atate anu omwewa, tili m'zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya khonsolo, m'zaka zimene ntchito inkasowa ngati mafuta omwewo.

Musaganize kuti agogo anu anali mngelo. Timbale tija ndinatibweza. Ndinatseka filiji, kupatsa ana buledi wawo, n'kumadziuza kuti ine ndine Mkhristu, lamulo ili si langa, palibe amene atupe. Ndinatakasa nyama ija kawiri. Koma nditayang'ana pawindo ndinaona a Boba ali pakhonde, kapoto aka kali pamiyendo, akukapukuta ndi kansalu pang'onopang'ono monga ankachitira masiku onse. Ndinaganiza za mawa, mayi ameneyu akutsegula pakamwa, akutafuna, akundithokoza pamaso pa anthu, ine ndikudziwa chimene chili m'mbalemo. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Zinandikanika.

Ndinavula epuloni, kuipinda bwinobwino, kuisiya patebulo, n'kutuluka. Ndinagwada pa simenti monga timachitira kwa akulu, n'kunena zonse mmene zinachitikira, osachotsera.

A Boba anasiya kupukuta. Anafunsa kuti, “Wakuona ndani?”

Ndinati, “Palibe, mayi.”

“Hana akudziwa?”

“Ayi. Ndinu oyamba.”

“Nanga wandiuziranji?”

“Chifukwa mawa mukanadya, mayi.”

Anaika kapoto kaja pambali. Kenako kunagwa chimvula. Anandikalipira m'chinenero chawo, mawu a kukhosi okhaokha, manja ali m'mwamba, misozi ikutsika, ndipo ngakhale sindinamve liwu limodzi, ndikhulupirira kuti makolo anga onse mpaka ku Dedza anatchulidwa. Bwana Izaki anafika kudzadya nkhomaliro n'kupeza zili choncho. Iye sanakuwe, ndipo ndi zimene zinandiopsa koposa. Anangoti alendo akubwera mawa m'mawa, nthawi yozinga ng'ombe ina palibe, ndipo za ine tidzakamba phwando likatha.

Tsono mverani ichi, chimene mpaka lero chimandiwawa m'mimba. Ndinapempha kuti nyamayo, poti iwo sangadye, ndibwere nayo kuno ku Matero, kumene anthu anali ataiwala kuti ng'ombe imakoma bwanji. A Boba anakana. Anati nyama yophikidwa ndi mkaka saigulitsa, saipereka mphatso, ngakhale galu wa pakhomo samupatsa, imakwiriridwa. Ndinatenga khasu, kukumba dzenje kuseri kwa mtengo wa mapeyala, n'kukhuthuliramo poto yense, nthunzi ili tolotolo. Maliro a ng'ombe, ana inu, mdzukulu ine ndekha, a Boba ataima pambali ngati abusa. Ndinalira, ndipo sindidziwa ngati ndinkalirira ntchito kapena nyama.

Nditafotsera, a Boba anandiponyera epuloni ija nati ndivale, misozi sidyetsa alendo. Anati kopanda nyama kuli nsomba, nafunsa kumene zingapezeke zambiri masana oterowo. M'tauni zinali zitatha kale. Ndinati kumsika wa kwathu ku Matero, kumene amayi amalandira za ku Kafue. Bwana Izaki anatulutsa vani ya ku sitolo, ndipo a Boba, amene chibwerere ku Lusaka anali asanapondepo m'komboni, anakwera kutsogolo atakumbatira beseni.

A Nachisale nthawi imeneyo ankagulitsa tomato pamsikapo. Ataona mwamuna wawo akutsika m'galimoto ndi gogo wachizungu dzuwa likali m'mwamba, anadziwa kuti kwagwa zina. Ndinawanong'oneza mwachidule. Anangomangitsa chitenje pamwamba pa mimba n'kuyamba kuyenda benchi ndi benchi kuitana anzawo. Posakhalitsa amayi a nsomba anatizungulira, aliyense ndi beseni lake. Mayi wina wa Chibemba, wamawu ngati belu, anatukula chimlamba chofanana ndi mwendo wangawu nati, “Ba mbuya, tengani iyi, ilibe minga, ni yabwino maningi!” A Boba anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. Anayamba kugwira nsomba imodziimodzi, kuikanda ndi chikhadabo. Mamba akatuluka, m'beseni. Akapanda kutuluka, ayi. Amayi aja anafa nazo nseko, koma kenako anayamba kukanda okha n'kumawaonetsa mamba pa chala. Ena anathamangira kunyumba kukatenga zimene anasungira mabanja awo. Beseni lathu linadzaza, lachiwiri tinachita kubwereka.

Tili pafupi kunyamuka, a Boba anaima n'kuyang'ana a Nachisale, amene anali akupuma movutikira atagwira m'chiuno. Anandifunsa ngati ameneyo ndi mkazi wanga, ndi kuti mwana akuyembekezeka liti. Ndinati masiku omwe ano. Anayang'ana mimba ija, n'kuyang'ana ine, n'kukwera m'galimoto.

Madzulo amenewo tinagwira ntchito awiri, ine ndi a Boba, koyamba chiyambire. Ine kupala ndi kuchotsa minga, iwo kundilangiza kusinja nsomba pamodzi ndi anyezi ndi dzira, kuumba timibulu n'kutiwiritsa ndi karoti monga ankachitira amayi awo. Sanandilankhule mawu ena koma akuti mchere, moto, fulumira. M'mawa mwake, iwo atapita kukavala, nsomba zotsala ndinazikazinga ndekha ndi majarini aja amene anayenera kulowa m'nyama. Ndinkangoti iyi ndi ntchito yanga yomaliza m'nyumba muno, ndiichite bwino.

Mwambo unachitika, mwana analira, amuna anaimba, alendo anakhala pa matebulo pabwalo. Ena ankanong'onezana kuti nanga nyama ija tinamva ili kuti, koma mbale zinkabwerera zoyera. Ine ndinkazungulira ndi mbale ziwiri zazikulu, ina ya timibulu tija tinapanga limodzi, ina ya zokazinga. Nditafika pa mpando wa a Boba ndinafuna kudutsa monga mwa masiku onse, koma anandigwira mkono. Ndinawatembenuzira timibulu, poti m'menemo munali dzanja lawo. Anakankha mbaleyo n'kuloza inayo.

“Izi wakazinga wekha?”

“Ndekha, mayi.”

“Ndiikire.”

Dona Hana anagwira pakamwa. A Boba anadya nsomba ija pang'onopang'ono mpaka minga kuyera, kenako anati mchere wachepa. Ine ndinathawira m'khitchini, chifukwa khukhi salira pamaso pa alendo.

Alendo atapita, Bwana Izaki anabwera m'khitchini kudzakamba za ine monga ananenera. Sanayambe n'komwe. Amayi ake analowa pambuyo pake, kapoto aka kali m'manja, nauza mwana wawo kuti akachotsa munthu uyu iwo abwerera ku mbatatesi mpaka kufa. Kenako anavula kiyi uja m'khosi, kumusiya patebulo, n'kundipatsira kapotoka ndi manja awiri.

Anati, “Sindikafunanso. Ndinkakasunga chifukwa ndinalibe munthu woti angandiuze zimene sindinaone. Ukapatse mkazi wako, aziphikiramo phala la mwana.”

Atate anu anabadwa mlungu wotsatira, ndipo phala lawo loyamba linaphikidwa m'menemu. A Boba anadya cha m'manja mwanga kuyambira tsiku limenelo mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda a anthu a mtundu wawo, ndipo tsiku lililonse ankati mchere wachepa. Ndinawakonda mayi amene uja, ndipo ndimawasowa. Ana aja atakula banja lonse linasamukira kutsidya kwa nyanja, a Nachisale nawonso ananditsogolera. Mwa onse amene anaona maliro a ng'ombe ndi msika wa tsiku lija, tatsala ine ndi kapotoka.

Basi, pitani mukasewere, mwandiumitsa kukhosi. Iwe Tamara, ndipatse kansalu ako kali pa chingweko. Amene anati kanasila kudala sindimufunsa kuti ndani, ngakhale mawu ake ndinawamva bwinobwino. Palibe amene anamuona akukaika pa mulu wa zitini, ndipo akafuna akhoza kukhala chete. Ine ndili pompano pakhonde, kapoto kali pamiyendo, ndikukapukuta.